Onse ndi a shuga, koma sagwira ntchito mofanana

Wowerenga wina wanditumizira imelo: "Ine ndimamwa metformin, mayi anga amamwa glibenclamide. Iwo akachedwa kudya amanjenjemera n'kutuluka thukuta, koma ine ayi. Zimatheka bwanji poti onsewa ndi mankhwala a shuga?"

Mwafunsa bwino. Mapiritsi awiriwa amagwira ziwalo zosiyana.

Glibenclamide ali m'gulu la sulfonylurea, ndipo amagwira ntchito pa kapamba, chiwalo chotulutsa insulini imene imatsitsa shuga m'magazi. Pa maselo otulutsa insulini pali tinjira todutsa potaziyamu. Munthu akadya, shuga n'kukwera m'magazi, tinjirati timatsekeka, kashiamu amalowa mu selo, insulini n'kutuluka. Mankhwalawa amatseka tinjirati mwachindunji, kaya munthu wadya kaya sanadye. Insulini imangotuluka n'kutsitsa shuga amene anali wochepa kale, ndiye kunjenjemera kwa mayi anuko. Ngakhale kutulukiridwa kwa gululi kunayambira pomwepa: mu 1942 ku Montpellier, dokotala Marcel Janbon ankayesa mankhwala ena pa odwala tayifodi, ndipo anaona shuga wawo akutsika moopsa.

Metformin alibe nazo ntchito za kapamba. Chiwindi chimapanga shuga pachokha, makamaka munthu akakhala osadya, ndipo mwa odwala shuga wa mtundu wachiwiri chimapanga mopyola muyeso. Metformin amachichepetsa liwiro, n'chifukwa chake payekha satsitsa shuga mpaka kugwetsa munthu. Koma naye ali ndi zake. Masiku oyamba amayambitsa nseru ndi kutsegula m'mimba, ndipo akamwedwa zaka zambiri amachepetsa vitamini B12. Chinanso, thupi silimuphwanya. Amatuluka mumkodzo mmene analowera. Impso zikafooka amaunjikana m'magazi, motero eGFR (muyeso wa mmene impso zikugwirira ntchito) ikatsika pansi pa 30 madokotala amamusiyitsa.

Kunena mosabisa, glibenclamide sindimamukonda kwa achikulire. Amakhalitsa m'thupi, ndipo impso zokalamba zimachedwa kuchotsa zotsalira zake, zomwe nazonso zimatsitsa shuga. Pitani nawo mayi kwa dokotala, mukafotokoze za kunjenjemerako, mukafunse ngati mlingo ungachepe kapena ngati gliclazide, mankhwala ena a gulu lomweli, angawayanje. Asasiye okha mapiritsi.

Pakadali pano asadumphe chakudya. Akayamba kunjenjemera, kapena makina oyezera akaonetsa shuga wosakwana 3.9 mmol/L, amwe madzi osungunuliramo magalamu 15 a shuga, pakatha mphindi 15 ayezenso, kenako adye. Akakomoka musawathire kanthu mkamwa, thamangirani nawo kuchipatala.