Kuika chubu m'chifuwa cha wovulala pangozi

Achimwene, mwafunsa za wakabaza amene wagundidwa pa M1 kuno ku Kasungu, akubanika, ndipo X-ray ikuonetsa mbali yakumanja yayereratu. Amenewo ndi magazi adzaza m'chifuwa, chubu chowatulutsa chilowe lero lomwe. Koma musanagwire mpeni, muikeni okisijeni ndi madilipu awiri a singano zazikulu, ndipo kulabu akonzeretu magazi omupatsa. Ngati sipanathe maola atatu chivulalireni, mpatseni tranexamic acid 1 g, mankhwala ochepetsa kutaya magazi.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi malo. Mkono ukwere kumutu. Pocheka panu pakhale molingana ndi nsonga ya bere la mwamuna, kutsogolo pang'ono kwa mzere wotsika pakati pa khwapa. Mukatsika kuposa apo, kumanja muboola chiwindi, kumanzere kapamba. Kwa amayi bere lingakusocheretseni, werengani nthiti mufike pampata wachinayi kapena wachisanu.

Lignocaine wa 1%, mankhwala ochititsa dzanzi, asapitirire 3 mg pa kilo, ndiye kuti 18 ml kwa munthu wa makilo 60. Mufike naye mkati mwenimweni, ndiko kumapweteka kwambiri. Chekani khungu masentimita atatu, mpeni ntchito yake yathera pomwepo. Minofu muitsegule ndi forceps, kachitsulo kopanira kaja, mukukhudza pamwamba pa nthiti yam'munsi, chifukwa mitsempha imadutsa kunsi kwa nthiti iliyonse. Mumva kuti phu, magazi n'kuyamba kutuluka. Pisani chala mutsimikize kuti mwakhudza phapo, osati za m'mimba. Chitsulo chosongoka chija chimabwera ndi chubu, chichotseni, chimaboola phapo. Chubu cha saizi 28 mpaka 32 chilozetseni kumsana, timabowo take tonse tilowe mkati, musokere pakhungu, kenako X-ray ina.

Botolo la madzi lolumikizidwa kuchubucho likhale pansi, nsonga ya paipi itamira masentimita awiri m'madzi. Madziwo azikwera n'kutsika wodwala akamapuma. Akangoti zii, chubu chapindika, chatsekeka ndi magazi oundana kapena chasolotoka. Magadiyani auzeni asanyamulire botololo pabedi pokolopa, zonse zija zimabwerera m'chifuwa.

Lembani magazi otuluka ola lililonse. Akatuluka 1,500 ml nthawi imodzi, kapena 200 ml pa ola kwa maola awiri mpaka anayi, chubu chokha sichikwanira, akufunika kutsegulidwa chifuwa. Imbirani a chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe, magazi omupatsa aja akulowa, ndipo mu ambulansi chubucho musachitseke.