Bambo anatisiya, mapepala anapita ndi madzi: kodi ndalama za inshuwalansi tizipeza bwanji?

Imelo ya lero yachokera kwa mtsikana wina wa ku East Bank, m'dera la Mfumu Yaikulu Makhuwira. Dzina ndalisunga. Akuti bambo ake anali dalaivala wolembedwa ntchito yokhazikika pa kampani ina ku Nchalo, ndipo anamwalirira kumudzi miyezi itatu yapitayo atadwala. Ali moyo ankakonda kunena kuti ali pa inshuwalansi, ana sadzavutika. Koma mapepala onse a m'nyumba anakokoloka ndi madzi a namondwe Freddy mu 2023. Pano abambo aang'ono atenga chiphaso cha unzika cha malemu, ati oyenera kukalandira ndalamazo ndi iwowo chifukwa ndiwo anayendetsa maliro, komanso mayi analowoledwa ndi banja lawo. Mtsikanayu akufunsa ngati ndalamazo zingapezekebe popanda mapepala, ndiponso kuti mwini wake weniweni ndani.

Achemwali, pepani kwambiri ndi zovutazi. Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo: madzi anatenga pepala lanu, sanatenge inshuwalansi. Chimene munali nacho m'nyumba chinali umboni chabe wa mgwirizano umene unalembedwanso m'mabuku ndi m'makompyuta a kampani. Dzina lonse la bambo, tsiku lawo lobadwa, nambala ya chiphaso chawo ndi nambala yawo ya kuntchito ndi zokwanira kuti awapeze. Kuno kuchigwa mabanja ambiri anataya mapepala mu 2015, ena ndi Ana mu 2022, ena ndi Freddy, choncho simukhala oyamba kufika pa ofesi manja ali lende.

Chachiwiri, mawu akuti "ndili pa inshuwalansi" amabisa zinthu zingapo, ndipo mwina bambo anali nazo zoposa chimodzi. Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 linakakamiza olemba ntchito kuchita zinthu ziwiri. Choyamba ndi kusonkhera wantchito penshoni mwezi ndi mwezi, bwana 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Chinacho ndi chimene anthu ambiri sachidziwa: bwana ayenera kumugulira wantchitoyo inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro ake a chaka chathunthu. Kuntchito amaitchula kuti group life. Tiyerekeze kuti bambo ankalandira K250,000 pamwezi. Ndiye kuti inshuwalansi yokhayo siyenera kuchepera K3,000,000, ndipo pamwamba pake pabwere penshoni yonse imene anasonkha pamodzi ndi phindu lake. Izi ndi ndalama ziwiri zosiyana. Ndaonapo mabanja akulandira malipiro a mwezi womaliza ndi ndalama ya masiku a tchuthi, n'kuwomba m'manja kuthokoza, osadziwa kuti zazikulu zatsala m'mbuyo.

Palinso policy, kapena kuti inshuwalansi, imene munthu amagula yekha kwa ejenti wa makampani monga NICO Life, Old Mutual kapena Vanguard Life, n'kumadulidwa pa malipiro kapena ku banki. Ndiye pali ya maliro, imene imatuluka msanga kuti ithandize bokosi ndi thiransipoti. Ngati bambo anali ndi ngongole ku banki kapena ku mabungwe obwereketsa ndalama, funsaninso kumeneko, chifukwa ngongole zambiri zotere zimakhala ndi inshuwalansi yake yomwe imatseka ngongoleyo wobwereka akamwalira. Wina asabwere kudzanyamula mbuzi za mayi musanafunse zimenezo.

Ndiye ulendo wanu woyamba si wa ku Blantyre ayi. Ndi wa ku Nchalo, ku ofesi yoona za antchito pa kampani ya bambo. Mupite ndi mayi. Mukapemphe payslip (kapepala koonetsa malipiro a pamwezi) yomaliza, kapena zingapo, ndipo muiwerenge mzere ndi mzere. Pa kapepalako, pamene amalemba zodulidwa, mudzaona mayina a makampani amene ankalandira ndalama za bambo mwezi uliwonse. Dzina lililonse pamenepo ndi khomo loti mukagogode. Mukafunsenso mafunso atatu awa osachita manyazi: penshoni ya bambo ikusungidwa ndi kampani iti, group life yawo ili kuti, ndipo pa fomu ya odzalandira analembapo ndani.

Funso lomalizali ndilo mutu wa nkhani yonse, ndipo ndi limene likuyankha za abambo aang'ono.

Munthu akamalowa penshoni kapena kugula inshuwalansi, amadzaza fomu yotchula anthu odzalandira ndalama iye akadzamwalira, ndi gawo la aliyense. Kampani imatsata fomu imeneyo. Siifunsa kuti anagula bokosi ndani, anapha ng'ombe pa maliro ndani, kapena kuti malowolo anatuluka m'khola la yani. Ndikudziwa kuti kwathu kuno, makamaka m'mabanja a Chisena, mawu a abale a mwamuna amalemera, ndipo mayi wolowoledwa amaopa kuoneka ngati wachipongwe pamaso pa apongozi maliro asanazizire. Mwambo sindikuunyoza. Uli ndi malo ake pa nkhani ya manda, ya sadaka, ya kusudzula. Koma pa ndalama izi ulibe mpando. Ngati pa fomu pali mayi ndi ana, ndalama zipita kwa mayi ndi ana. Ngati bambo anaikapo mng'ono wawoyo pa kagawo kena, alandira kagawo komweko basi, osati zonse kuti akagawe yekha pansi pa mtengo.

Bwanji ngati fomuyo sanadzaze? Pa za penshoni, matrastii osunga thumbalo amafufuza anthu amene ankadalira malemu pa moyo wawo, ndipo mkazi ndi ana ndiwo amakhala patsogolo. Pa policy yogula yekha yopanda dzina la wodzalandira, ndalamazo zimalowa m'chuma cha masiye, ndipo apa ndi pamene mungafunike kupita kwa DC, kwa Administrator General (mkulu wa boma woyang'anira chuma cha masiye) kapena ku khoti kukatenga chilolezo choyendetsera chumacho. Njira iyi ndi yaitali, sindikunamizani. Komabe lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limaika mkazi, ana ndi ena odalira malemu patsogolo, ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu n'kumangidwa nawo.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi kuti musadzakomoke pa kauntala. Mafomu amenewa nthawi zina amaulula zimene banja silinkadziwa. Mutha kukapezapo dzina la mwana wa kwina, kapena kupeza kuti bambo anadzaza fomuyo ali mnyamata, n'kulembapo agogo anu, osaisinthanso. Zikatero musakalimbane ndi kalaliki. Pemphani kuti akulembereni mmene agawira ndi chifukwa chake, kenako mukafunse uphungu wa zamalamulo.

Tsopano za mapepala. Bambo anamwalirira kunyumba, ndiye palibe kalata ya kuchipatala yochitira umboni imfayo. Poyambira ndi kwa nyakwawa wa mudzi umene anaikidwa, kuti alembe kalata yotsimikiza imfa ndi tsiku lake, adindepo. Kuchoka apo mupite ku ofesi ya kalembera ya NRB, imene ili kwa DC ku Chikwawa boma, kukalembetsa imfayo kuti chiphaso cha imfa chituluke. Ngati buku la kuchipatala la bambo lilipo, lija ankayenda nalo akudwala, litengeni, chifukwa makampani amafuna kudziwa chimene chinapha munthu. Akanakhala kuti anafa pa ngozi ya pamsewu, kumira m'madzi kapena kugwidwa ndi ng'ona mu Shire, pakanafunikanso lipoti la apolisi. Ndipo imfa yochitikira pa ntchito ili ndi chipukuta misozi chakechake chodzera ku ofesi ya leba, chosiyana ndi zonse ndatchulazi.

Pa kalata ya mfumuyo ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene mafayilo ambiri amagonera. Mlembi wa mfumu amalemba dzina limene mudzi unkamuitanira munthu. Kuntchito bambo analembetsa dzina la kusukulu. Pa chiphaso cha unzika, chimene ambiri tinajambulitsa mu 2017, mwina pali kalembedwe kena, L pamene ena alemba R, kapena dzina la mfunda m'malo mwa dzina la bambo awo. Kwa inu ndi munthu mmodzi yemweyo. Kwa munthu wokhala pa kompyuta ku Blantyre ndi anthu atatu. Ndiye mlembi asanayambe kulemba, muikireni chiphasocho patsogolo akopere chilembo ndi chilembo. Muonetsetsenso tsiku la imfa, pakuti ambiri amalemba tsiku loika maliro. Ngati mayina asiyana kale, mudzafunika kukalumbira kwa majisitireti kuti mayinawo ndi a munthu mmodzi.

Mayi akonze chiphaso chawo cha unzika, umboni wa ukwati wawo, kaya ndi satifiketi ya kutchalitchi kaya kalata ya mfumu ndi ankhoswe, ndi zikalata zobadwira za ana. Akhalenso ndi akaunti ya ku banki ya dzina lawo. Iyi ndi nkhani yoti musagonjerepo. Wina akadzati "ingogwiritsani ntchito akaunti yanga, mlamu, kuti zisachedwe", mukane mwaulemu. Ndalama ikangolowa mu akaunti ya munthu wina, kuitulutsamo ndi mlandu wa zaka. Ngati pali ang'ono anu osakwana zaka 18, gawo lawo kawirikawiri siliperekedwa m'manja mwa munthu wamba lonse nthawi imodzi. Limasungidwa n'kumatuluka pa zosowa zawo monga fizi, ndipo izi zimawateteza.

Nanga chiphaso chimene chili ndi abambo aang'ono? Sichingawathandize kutenga ndalama, poti wolandira aliyense amaonetsa chiphaso chakechake. Chimene angathe ndi kukuchedwetsani. Yambani ndi njira ya pachibale: ankhoswe, kenako nyakwawa. Auzeni kuti ofesi ikufuna chiphasocho pamodzi ndi mayi, ndipo ngati akufuna apite nawo akamve okha. Anthu ambiri amazizira akangomva kuchokera pakamwa pa wa mu ofesi kuti dzina lawo palibe. Akakanitsitsa, ku polisi kuli nthambi ya Victim Support Unit imene imamva nkhani zotere. Koma musadikire kuti mkanganowo uthe. Kadziwitseni akuntchito ndi a inshuwalansi za imfayo sabata ino, chifukwa ma policy ambiri amaika malire a nthawi yodziwitsira, ndipo miyezi itatu yapita kale. Mwina kuntchito ali nayo fotokope ya chiphasocho mu fayilo ya bambo.

Kuchoka ku Livunzu kudzera pa Thabwa, kuwoloka mlatho wa Kamuzu kukafika ku boma kapena ku Nchalo, ndi ndalama, ndipo dzuwa la kuno silisewera ndi munthu wa pa kabaza. Musamayende ulendo wongokafunsa. Imbani foni kaye, akuwerengereni zofunika zonse, mulembe. Pepala lililonse lichiteni fotokope kawiri, lijambuleninso pa foni n'kulitumiza ku imelo yanu yomweyi kuti madzi akadzabweranso asadzalipeze. Mukapereka mapepala, amene walandirayo adinde pa kope yanu, alembepo tsiku ndi dzina lake, akupatseninso nambala ya fayilo. Mawu akuti "tidzakuimbirani" opanda chidindo ndi mphepo.

Kutenga ndalama za inshuwalansi sikulipiritsa. Aliyense wokuuzani kuti mumupatse kangachepe kuti akankhe fayilo, kapena woimba foni kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti cheke chituluke, ndi wakuba. Akatapila nawonso amanunkhiza msanga pakhomo pamene pakuyembekezeka ndalama za masiye. Mayi asasainire ngongole podalira ndalama imene sanaione kuchuluka kwake.

Kodi kampani ingakane kulipira? Ingakane, ndipo zifukwa zake zimakhala zodziwika. Chachikulu ndi chakuti policy inafa chifukwa ndalama za pamwezi zinasiya kuperekedwa. Kawirikawiri pamakhala masiku ochepa achisomo, akatha amenewo chitetezo chimaima, ngakhale kuti policy yosungirako ndalama imene yakhala zaka imatha kukhalabe ndi kanthu kobweza. Zifukwa zina ndi kubisa matenda polembetsa, kapena kumwalira nthawi yodikira ya policy yatsopano isanathe. Apa payslip ija ikugwiranso ntchito: ngati ikuonetsa kuti bambo ankadulidwa mpaka mwezi womaliza koma ndalamazo sizinkafika kwa a inshuwalansi, wolakwa si bambo, ndipo mlanduwo ndi wa owalemba ntchito.

Akakukanirani, musavomere yankho la pakamwa. Pemphani kalata yonena ndime ya policy imene atsamirapo. Mulembe dandaulo kwa akuluakulu a kampaniyo, musunge kope. Zikakanika, pitani nalo kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira makampani onse a inshuwalansi ndi penshoni, ndipo ali ndi ofesi ku Blantyre. Ngati vuto lili kwa olemba ntchito, ofesi ya leba ya boma lanu ikumvereni. A Legal Aid Bureau amathandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya.

Mukapita ku Nchalo mundilembere zimene mwapeza pa payslip ndi pa fomu ija, makamaka mayina a makampani amene ankadula ndalama, kuti tione khomo loyamba kugogoda.