Kodi mphutsi zingauze apolisi tsiku limene munthu anamwalira?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti anamva kuti apolisi akunja amatola mphutsi pa mtembo n'kupita nazo ku labu, ndiye akufunsa ngati zimenezi n'zoona kapena ndi za m'mafilimu chabe.

Mayi, n'zoona ndithu. Munthu akafera panja, oyamba kufika pamalirowo ndi ntchentche zija zonyezimira mobiriwira. Kukakhala kotentha zimafika pasanathe ngakhale ola. Zimaikira mazira m'maso, m'mphuno, m'kamwa ndi pa mabala, ndipo patangotha pafupifupi tsiku mazirawo amaswa mphutsi. Mphutsi imadya, imafundula khungu kawiri, kenako imachoka pa mtembo kukabisala m'dothi, khungu lake n'kuuma n'kuda, mpaka m'katimo mutatuluka ntchentche.

Nzeru yagona pakuti gawo lililonse lili ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo imadalira kutentha. Katswiri amasankha mphutsi zazikulu kwambiri, amazindikira mtundu wa ntchentche yake, amaona mmene kunatenthera masiku apitawo, n'kuwerengera chobwerera m'mbuyo. Koma musamve ngati zimatchula ola. Zimangonena kuti munthuyu wakhala ali wakufa masiku osachepera akutiakuti. Mtembo ukakhala m'nyumba yotseka kapena wokulungidwa m'bulangeti, ntchentche zimachedwa kufika. Ngati malemuyo anagwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo a cocaine, mphutsi zimakula msanga n'kusokoneza kawerengedwe. N'chifukwa chake katswiri amene amalumbira pa tsiku limodzi ine sindimukhulupirira.

Mu September 1935, ziwalo za amayi awiri zinapezeka m'chigwa pafupi ndi Moffat ku Scotland. Dr Alexander Mearns wa ku yunivesite ya Glasgow anapima mphutsi za pa ziwalozo n'kupeza kuti zinali za masiku 12 mpaka 14. Izi zinagwirizana ndi nthawi imene mkazi wa Dr Buck Ruxton wa ku Lancaster anasowa pamodzi ndi wantchito wawo. Panali umboni winanso wambiri, ndipo Ruxton ananyongedwa mu 1936 pa mlandu wopha mkazi wakeyo.

Mphutsi zimaulula zinanso. Zikachuluka m'manja mwa mtembo, pamene ntchentche sizikonda kuyambira, ofufuza amakayikira kuti panali mabala a munthu wodziteteza ku mpeni. Ndipo minofu ikatheratu, dokotala akhoza kupima mphutsizo kuti aone ngati malemuyo anamwa poizoni, popeza zimene zinali m'thupi mwake zinalowa mwa izo.