Amayi akuiwala mayina, koma nyimbo sakuiwala

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Nchalo. Akuti amayi awo apitirira zaka 85, anali aphunzitsi a pulayimale ku Nsanje, ankaimbitsa kwaya, ndipo malemu amuna a amayiwo anali msilikali wa pamadzi ku Monkey Bay. Masiku ano ayamba kusokoneza mayina a zidzukulu. Funso lawo ndi lakuti: mbiri ya amayiwa ndiilembe bwanji, poti ndikawafunsa zaka amangoseka?

Achemwali, mwachita bwino osadikira tsiku la maliro. Mbiri yowerengedwa pamaliro tonse timaidziwa: anabadwa chaka chakuti, anabatizidwa, asiya ana angapo ndi zidzukulu. Mphindi zitatu, munthu watha, amfumu ayankhule.

Zaka zisiyeni kaye. Imbani. Nkhalamba imatha kuiwala chimene yadya m'mawa, koma nyimbo imene inaphunzira ili mtsikana sichoka msanga. Dikirani madzulo dzuwa litapepa, chifukwa masana a Okutobala kuchigwa kuno ngakhale ine sindikumbukira dzina langa. Yalani mphasa, foni ikhale pambali ikujambula mawu, muyambe nyimbo ya m'buku la kutchalitchi kwawo. Kenako mulakwitse dala. Mphunzitsi wa kwaya sangapirire zimenezo. Adzakudulani pakamwa, nkukuwongolani ndi do-re-mi, dzanja likugunda pabondo ngati muli mu Sitandade 5. Apo ndiye mufunse kuti, "Imeneyi munkaimbitsa kuti, amayi?" Sukulu idzatuluka yokha, mtengo umene ana ankakhala pansi pake, hedimasitala wovuta uja, mwana wa mawu okoma amene anathawa sukulu nkupita kukadula nzimbe. Za kutchalitchi zikatha yesani za Chisena, za utse kapena zovinira ulimba. Musadabwe mukamva nkhani zina zimene madikoni sanazimvepo.

Zaka mudzazipeza nokha pambuyo pake, kuchokera m'nkhani zawo zomwezo. Akamati "ku Port Herald", akunena Nsanje wa nthawi ya atsamunda, ufulu wa 1964 usanabwere. Akamati m'kalasi munadzaza ana othawa nkhondo ya ku Mozambique, ndi kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, poti nkhondoyo inatha mu 1992. Ana akachuluka mpaka mphunzitsi kusowa popondera, ndi 1994, pulayimale itakhala yaulere. Sitima ikasiya kuwoloka pa Chiromo, ndi 1997, madzi atadula njanji.

Povuta ndi pa nkhani ya bambo anu. Anthu amakonda kufunsa za yunifolomu ndi maboti, kuiwala amene anatsala ndi ana. Kuchoka ku Nsanje kukafika ku Monkey Bay sunali ulendo wongodzuka: sitima mpaka ku Limbe, kenako basi kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi, mwana kumbuyo, ufa pamutu. Koma musawafunse ngati ankawasowa amuna awo. Mayi wa msinkhu umenewo sayankha mwana wake wobereka funso lotero, adzangoti "zinali choncho basi". Funsani zogwirika. Ndalama inkafika bwanji? Mwana akatentha thupi usiku ankagogoda khomo la ndani? Makalata ankatenga masiku angati? Zotsalazo tumani mdzukulu wamkazi wochenjera, paja agogo ndi mdzukulu amaseleulana, ndipo chimene inu akubisirani iyeyo adzamuuza akuseka.

Akatopa musawakakamize. Nyimbo ziwiri pa tsiku zakwana, ndipo akabwereza nkhani imodzimodzi kachitatu, jambulanibe, chifukwa nthawi zambiri ulendo wachitatuwo ndi umene umatulutsa dzina la mudzi.

Zimene mwajambula musazisunge m'foni imodzi yokha. Madzi a mu Januwale 2015 ndi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatenga zithunzi ndi masatifiketi a mabanja ambiri kuno. Usiku womwewo zitumizeni pa WhatsApp kwa abale anu a ku Blantyre, ndipo satifiketi yawo ya uphunzitsi, ngati ikadalipo, muijambulenso.