Mwafunsa za geni ya mahedifoni, khalani pansi kaye

Achimwene, funso lanu la geni ya mahedifoni ndi kakometsedwe ka mawu ake ndinaliona kalekale koma ndimachita dala ulesi kuyankha, chifukwa ambiri ofunsa kuti geni yodutsa ndi mahedifoni pa boda imayenda bwanji, nanga katundu wobwezedwa mumatani naye, amangofuna ndiwauze kokapikula basi kuti mawa adzayale pafupi ndi ine. Kokapikula sindikuuzani. Aliyense wokwera basi amakupeza yekha. Zoti muzisunga malisiti, muziwerenga katundu wanu pokweza ndi potsitsa, ngati mukudikira kuti wina akuuzeni zimenezo ndiye kuti geni imeneyi si yanu.

Ine changa ndi chimodzi, musanagule katoni ngakhale imodzi gulani kaye soldering iron, chitsulo chowotcherera mawaya chija, ndi multimeter, mita yoyezera magetsi. Ndaona anzanga a mpamba waukulu kuposa wanga akugwa chagada chifukwa hedifoni ikabwezedwa amangoiponya mu thumba la zowonongeka, pomwe vuto lake ndi kawaya kamodzi koduka pakhosi pa pini. Ine sinditaya kanthu, ndipo sindikunyada ayi, kapena ndikunyada pang'ono, ndinazilipira zimenezi.

Ndinazilipira chaka chomwe ndinapikula makatoni anayi a timahedifoni ta m'khutu tokhala ndi maiki ndi kabatani koyankhira foni. Mtengo wake unali wotsika moti munthu wanzeru akanafunsa kuti bwanji, koma ine mtima unali utathamanga kale. Ndinati ndiyese, wogulitsayo anatulutsa foni yake, nalumikiza, nyimbo kumveka bwinobwino, besi ili phiii. Ndinayesa zitatu kapena zinayi, zonse pa foni yake yomweyo, yanga ili phee m'thumba. Mpaka lero ndikakumbuka mmene anafulumirira kundipatsa foni yakeyo ndimadziluma lilime.

Ndiye kufika pa boda. Bwana wina wa kasitomu, sindimutchula koma nkhope yake ndingaijambule ndili mtulo, anangoyang'ana chithunzi cha pa bokosi n'kunena kuti awa ndi ma orijino, lisiti langa ndi labodza, msonkho auwerengera pa mtengo umene iye akuudziwa. Ndinamuuza kuti bwana tsegulani muone pulasitiki yake, anatseguladi, ndi mpeni, kulowetsa mpeni wonse mu katoni ngati akupha mbuzi, mawaya a mzere wa pamwamba onse kuduka. Kenako akuti netiweki palibe bwerani mawa. Mawa lake akuti amene amasayina watuluka. Katundu ali mu weyahausi masiku akuwerengedwa ndipo tsiku lililonse ndi ndalama, ine ndikugona pa benchi, ejenti naye akungondiuza kuti bwanayo mumuone bwino. Pomaliza ndinakongola ndalama ya katapila kuti katundu atuluke, ndipo potuluka bwana uja anatengapo mabokosi awiri akuti sampulo. Sampulo yopita nayo kunyumba.

Ndinagawa katundu kwa anyamata ogulitsa, ambiri pa ngongole. Sipanathe masiku atatu, anayamba kubwera mmodzimmodzi, aliyense ndi jumbo lake. Akuti makasitomala akukana, woyimba akumveka ngati ali pansi pa chitsime, zing'wenyeng'wenye zikumveka patalipatali koma mawu a munthu kulibe, besi kulibe. Ndinayesa pa foni yanga, zoonadi. China, chimodzimodzi. Makatoni anayi onse achimwene, wa katapila akuimba foni m'mawa ndi madzulo, ndinafika poyang'ana bedi kuti kodi ili lingagulidwe.

Anandipulumutsa ndi mwana wa mlongo wanga, amaseweretsa kamodzi n'kudina kabatani kaja osasiya, n'kukuwa kuti amalume zikumveka! Ndinamulanda, kudina, nyimbo yonse kubwerera, kusiya, kubwerera m'chitsime. Usiku umenewo sindinagone. Nkhani yake ndi iyi, pini ya 3.5 mm yokhala ndi maiki ili ndi zigawo zinayi, mizere itatu yakuda ija ndiyo imazilekanitsa. Nsonga ndi khutu la kumanzere, chigawo chachiwiri ndi kumanja, apa palibe mkangano. Mkangano uli pa ziwiri zotsalazo. Pa mtundu wotchedwa CTIA chachitatu ndi ground, waya wobwererapo magetsi a makutu onse awiri, chomaliza cha kukhosi ndi maiki, ndiwo umene ma iPhone okhala ndi bowo la hedifoni ankagwiritsa ntchito, ndiponso mafoni a Android pafupifupi onse okhala ndi bowolo masiku ano. Pa mtundu wa OMTP, umene unali pa ma Nokia ndi ma Sony Ericsson akale, ziwirizo n'zotembenuza. Ndiye ukalowetsa OMTP mu foni ya CTIA, ground imadzera mu maiki, ndipo chilichonse chimene chimamveka mofanana m'makutu onse awiri chimafafanizika, ndiye mawu a woyimba ndi besi zimene amaziika pakati zija. Ukadina batani umalumikiza maiki ndi ground, njira n'kutseguka. Mkulu uja anandigulitsa katundu wotsalira wa mafoni akale, foni yoyesera nayonso inali yakale.

Timaadaputa totembenuza tilipo koma ndalama yogulira ndinalibe, ndinali ndi manja okha. Ndinagula mapini atsopano, kudula yakale, kusinthanitsa mawaya awiri, kuwotcherera, china. Masabata angapo ndili pa mkeka zala zonse matuza. Ndipo apa mverani, mawaya a m'kati mwa hedifoni si ngati a wailesi, ndi tiulusi topakidwa vanishi, mtundu mukuuonawo ndi vanishiyo, solder, kachitsulo kosungunula polumikiza mawaya, sagwira mpaka muichotse. Ena amawotcha ndi laita, zimatheka koma kamwaye kake kamafunika kupalidwa, ine ndimasungunula kadontho ka solder pa nsonga ya chitsulo n'kuviikamo wayayo mpaka ituluke yoyera ngati siliva. Mitundu musaikhulupirire, kawirikawiri yofiira ndi kumanja, yobiriwira kapena ya buluu kumanzere, ya mtundu wa kopa ndi ground, koma fakitale iliyonse ili ndi mutu wake. Yezani. Pakati pa waya wa khutu limodzi ndi ground mita imaonetsa pafupifupi 16 kapena 32 ohms pa mahedifoni wamba, pakati pa kumanzere ndi kumanja imaonetsa kuwirikiza kawiri, mukapeza pamenepo mwadziwa kale ground ndi uti. Mulibe mita, tengani batire la 1.5 V mugunditse pang'ono, khutu limene lalira kuti thethe ndi lomwelo. Kugunditsa, osati kugwiritsa mpaka kalekale.

Komanso lowetsani chivundikiro cha pini ku waya MUSANAWOTCHERERE. Mudzaiwala ndithu, tonse tinaiwalapo, n'kumasula ntchito yonse uku ukutukwana.

Katapila ndinabweza, phindu panalibe, koma kuchokera pamenepo wobweza katundu sandiopsanso. Akati mbali imodzi yafa sindithamangira kutsegula, ndimayamba ndi foni yake, chifukwa mu Settings pa Accessibility muli ka balance kogawa mawu kumanzere ndi kumanja, kamene ana amakakankhira mbali imodzi, ndipo m'bowo la foni mumadzaza ulusi wa m'thumba moti pini safika pansi, kamtengo kotokosera m'mano kamathetsa mlandu, osati singano. Kenako kasefa ka kukamwa kwa hedifoniyo, mukaona mbali imodzi ikumveka motsika osati kufa, kawirikawiri ndi phula la m'khutu latseka, mswachi wouma mutaizondotsa kuti zinyalala zigwe pansi, ikakanika kasipiriti pang'ono pa thonje, osathira. Munthu amachita manyazi ukamuonetsa zimene zatulukazo, amachoka osafunsanso ndalama yake. Zikapitirira ndiye ndimayatsa nyimbo n'kumapinda waya pang'onopang'ono kuyambira pa pini, pa mphanda, mpaka pa khutu, pamene mawu adukire kapena kubwerera ndi pomwepo. Nthawi zambiri ndi pa pini, poti anthu amazula pokoka waya komanso amakulunga pa foni.

Za kukometsa mawu zimene mwafunsazo, anthu amaganiza kuti besi ili mu sipika, koma theka lake lili pa kutseka mpweya. Timalabala ta m'khutu timabwera tatitatu, S, M ndi L, anthu amataya tiwiri n'kumadandaula kuti hedifoni ndi yopepera, muikireni kokulirapo muone nkhope yake. Pa mahedifoni aakulu ndi makushoni, akaphwa kapena kung'ambika besi imathawira pomwepo, ngakhale mwendo wa magalasi a m'maso umatsegula mpata. Izi ndinaziphunziranso chifukwa cha anthu a pa boda omwewo, ulendo wina anasunga katundu wanga pakona podontha, makushoni a chikopa chabodza aja kuyamba kusupuka ngati njoka, ndikudandaula akuti kalembeni kalata. Kalata! Ndinasintha makushoni onse ndekha, m'pamene ndinazindikira kuti a chikopa amakweza besi pomwe a nsalu yofewa ija amaitsitsa koma satenthetsa makutu, ndipo ukalowetsa kasiponji kansi kwa kushoni yakuphwa imadzukanso, khutu n'kutalikirana ndi sipika.

Hedifoni yolasa m'makutu, yoti S aliyense amene woyimba watchula akumveka ngati mluzu, ikani tishu imodzi yopyapyala kapena kansalu pakati pa sipika ndi kushoni, mverani, mukaona sizinakwane onjezerani ina, mukafika zitatu mawu ayamba kumveka ngati muli mu bulangete. Chikho cha pulasitiki chosunga sipika chikamalira ngati chitini, kathonje pang'ono kumbuyo kwa sipika, pang'ono ndati, ndipo tibowo ta mpweya musatitseke tonse, kamodzi kokha ndi selotepi n'kumvera kusintha kwake. Chimene mwachita kumanzere chitaninso kumanja ndendende, ndipo sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, apo ayi simudziwa chimene chathandiza. Ikamanjenjemera pa besi, tsegulani muyang'ane, kawirikawiri ndi tsitsi limodzi lagona pa kapepala ka sipika, chotsani mosamala, kapepalako n'kopyapyala kuposa khungu la anyezi. Kakabinyira m'kati, kaselotepi kosamata kwambiri kamakadzutsa. Ndipo mukakonza n'kupeza besi yachepa, mawu sakukhala pakati pa mutu, mwatembenuza mawaya a sipika imodzi, bwererani. Pa equalizer ya mu foni, pokwezera ndi kutsitsira besi ndi mawu ena, tsitsani chimene chikukusowetsani mtendere m'malo mokweza zonse mpaka denga, zimangosweka.

Kulemera musakukhulupirire popikula. Ndinatsegulapo ina yolemera bwino ngati ya pamwamba, m'kati muli kachitsulo komata ndi guluu, sipika yake kakang'ono ngati batani la malaya pomwe bokosi likuti 40 mm. N'chifukwa chake ndimayenda ndi sikuludiraiva, ndimagula imodzi n'kuitsegula pamaso pa mwini wake, akakwiya ndimadziwa kuti ndapulumuka. Ndipo chiyambire 2016 pamene iPhone 7 inatuluka yopanda bowo la hedifoni, ena n'kutsatira, msampha womwe uja unabweranso ndi nkhope ina, timaadaputa ta USB-C tina tili ndi DAC m'kati, kachipangizo kosandutsa nyimbo za dijito kukhala mawu opita ku sipika, tina tilibe, topanda DAC timagwira pa mafoni ena okha. Pano ndimayenda ndi mafoni atatu osiyana, wogulitsa akatulutsa yake ndimamuuza kuti bwezani m'thumba bambo. Za Bluetooth ndi nkhani ya tsiku lina, koma dziwani kuti batire la lithium likakhala nthawi yaitali lili lopanda moto limafa, ndiye katundu wotere akagwidwa miyezi mu weyahausi muyambe kulira.

Bwana wa sampulo uja ndinakumana nayenso ulendo wotsatira, ali pa mpando womwewo. Anandizindikira, n'kundiitana pambali nkhope ili gwa, akuti iwe katundu wako uja ndi wabodza, ndinapatsa madamu akuti woyimba sakumveka. Ndinati pepani bwana, amenewo ndi ma orijino monga munanenera muja, kungoti amafuna kuwadziwa, auzeni madamu azidina kabatani ako osasiya mpaka nyimbo ithe.