Kodi damu la Cahora Bassa linasintha chiyani pa Zambezi?

FUNSO: Akonzi, ine ndimagulitsa nsomba zouma pamsika wa ku Ulongwe, ndipo kapenta ndimakapikula kunyanja ya Cahora Bassa. Akuluakulu a kumeneko amati kale ankagwira nsomba zina, komanso kuti panali mathithi osadutsika ndi bwato. Popeza tikumva za damu lina la Mphanda Nkuwa, ndifotokozereni mmene damu limasinthira usodzi ndi kayendedwe ka pamadzi. Mayi wa geni, Angónia.

YANKHO: Mayi, akuluakuluwo akunena zoona. Pamalo pamene pali damu la Cahora Bassa, kufupi ndi tauni ya Songo ku Mozambique, Zambezi ankapanikizika pakati pa mapiri n'kumawinduka thovu pamiyala, moti m'chaka cha 1858 David Livingstone analephera kudutsapo ndi sitima yake. Ntchito yomanga inayamba mu 1969, ndipo chipupa chotalika mamita 171 chitatsekedwa kumapeto kwa 1974, madzi anabwerera m'mbuyo mpaka ku Zumbo, kumalire ndi Zambia ndi Zimbabwe, n'kumiza mathithi onse a kumtunda. Opalasa bwato anapeza njira yosalala, koma anakumananso ndi zimene sankazidziwa: mphepo ikamaomba panyanja yotakata chonchi, mafunde amagubuduza bwato logoba pamtengo, ndipo mitengo yomira imakola maukonde. Masewera otsetsereka m'mathithi ndi ngalawa zopopa mpweya, amene amakopa alendo ku Batoka kumunsi kwa Victoria Falls, sangachitike pamadzi odekha, n'chifukwa chake eni ntchitoyo amadandaula ndi damu limene likuganiziridwa kumeneko.

Kapenta amene mumagulitsayo ndi mlendo mu Zambezi. Anamutenga kunyanja ya Tanganyika n'kumuika m'nyanja ya damu la Kariba, kumtunda kwa mtsinjewu, cha m'ma 1967, kenako anatsika ndi madzi mpaka kudzaswana mu Cahora Bassa. Amakhala pakatikati pa nyanja, ndipo amamugwira usiku: amayatsa nyali pamwamba pa madzi, tinsombato tikaunjikana amakweza ukonde wozungulira kuchokera pansi, m'mawa n'kuthira mchere n'kuyanika pathandala. Usodzi wotere umafuna ngalawa yachitsulo, injini, mafuta ndi laisensi, zimene msodzi wa bwato ndi mono sangakwanitse. Apa m'pamene ine ndikuona kuti pagona nkhani, chifukwa nsomba sizinathe, koma phindu lalikulu linachoka m'manja mwa anthu a m'mphepete mwa mtsinje n'kupita kwa eni mpamba. Mcheni, pende ndi milamba zikadalipo, ndipo mcheni ukunenepa chifukwa chodya kapenta.

Amene anataya kwambiri ndi a kumunsi kwa damu. Kale mtsinje unkasefukira kumapeto kwa dzinja n'kulowa m'madambo, mmene nsomba zambiri zimaswana ndipo tiana take timabisala m'udzu. Madzi akamaphwa, anthu ankatchera miono m'makwawa n'kudzala chimanga m'madimba a chinyontho. Lero madzi amasungidwa m'dzinja n'kumatulutsidwa chaka chonse malinga ndi zofuna za makina a magetsi, choncho madambo ambiri safikiridwanso panthawi yoswana. Matope achonde nawonso amatsalira pansi pa nyanja, ndipo akatswiri amati kuchepa kwa nkhanu za m'nyanja ya mchere zotchedwa camarão kugombe la Sofala kukugwirizana ndi kusintha kumeneku.

Sindikunyoza magetsi, pakuti mamegawati 2,075 a Cahora Bassa ndi chuma chenicheni cha Mozambique. Koma Mphanda Nkuwa, limene akufuna kulimanga pamtunda wa makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwake kuti lizipereka mamegawati 1,500, lidzamizanso gawo lina la mtsinje woyenda. Pamisonkhano yofunsa maganizo a anthu, asodzi ndi inu amalonda muyenera kufunsa ngati madzi azidzakwera ndi kutsika tsiku lililonse, zimene zimaumitsa mazira a nsomba m'mphepete ndi kukokolola mabwato omangirira, ngati padzakhala kutulutsa madzi ambiri mwadala m'miyezi yoswana, ndiponso ngati asodzi a bwato adzapatsidwa malo awo ophera nsomba panyanja yatsopanoyo.