Zoona mphwanga, chambo tinkatopa nacho

Eee moni nonse m'gulu muno. Pepani ndayankha mochedwa, netiweki inavuta dzulo lonse, ndiye ndangoti ndiyankhule pakamwa basi. Iwe mphwanga wa ku Johannesburg, funso lako ndalimva, ukuti mayi ako anakuuza kuti kale kwathu ku Mangochi chambo tinkadya mpaka kutopa nacho, ndiye ukufunsa ngati ndi zoona kapena akungokometsa nkhani. Ndi zoona mphwanga, mayi ako sanawonjezere kalikonse, ine malume ako ndinalipo, mbale yake tinkadyera imodzi.

Ukudziwa pakhomo pa agogo ako kwa Mpondasi paja, kuchoka pakhonde kukafika pa doko sunkatenga ndi mphindi khumi zomwe. Shire amatuluka m'nyanja cha kumtunda kwathu konkuja, kudutsa pa boma, kukalowa mu Malombe, kenako ulendo wa ku Liwonde, ndiye ife tinakulira pakati penipeni, nyanja uku Malombe uku, ndipo chambo chinkayenda mu mtsinje momwemo ngati msewu wake. M'ma 1980 ndili mnyamata, agogo ako aamuna ankadzuka kusanache, muwazini akangoitana swala ya m'bandakucha iwo aswali kenako nkhafi paphewa kukavuula matchera omwe anatchera madzulo. Ine ntchito yanga inali yokapa madzi m'bwato ndi chigubu chodula. Kuzizira kwake kwa mwezi wa Juni mwera ukuwomba, manja kuchita kuuma, koma matchera akamakwera umangoona kunyezimira, chambo chachikulu choti dzanja limodzi sungachigwire bwino, chikudzimenyetsa pansi pa bwato phaphapha. Pena kampango, pena mlamba. Tikafika pa doko amayi a geni ali kale ndi mabeseni awo, koma asanagulitse ndi imodzi yomwe, agogo ako ankayamba apatula zandiwo, za kwathu, za azakhali awo, ndi za gogo wina wamasiye amene ankakhala kuseri kwa mzikiti. Pa doko munthu sankabwerera chimanjamanja, ngakhale mwana ukangogwirako chingwe cha khoka umapatsidwa zako ziwiri zitatu, kuzitunga pa mlaza n'kumapita kunyumba ukudzimva kuti nawenso ndiwe bambo.

Ndiye taganiza, m'mawa chambo chootcha, masana chambo chophika ndi tomato, madzulo mutu wa chambo chomwecho, mawa lake chowamba. Mayi ako ndi amene ankalira kwambiri kuti amayi ine ndikufuna nyemba, chifukwa nyemba zinkachokera kumtunda cha ku Namwera ndipo zinkafuna ndalama, pomwe nsomba zinali pakhomo. Agogo ako aakazi ankachita kusinthanitsa ndi anthu akumtunda, chambo chowamba kupereka, iwo kulandira nyemba kapena chimanga. Ndimawaonabe m'maso mwangamu atakhala pa mphasa pansi pa mtengo wa bwemba, kampeni kakang'ono kakuthwa m'manja, akupala mamba, mamba aja kumamatira m'mikono mpaka m'chigongono, kenako kung'amba chamsana, kuthira mchere, kuyanika pang'ono ntchentche tikuingitsa ndife ana, madzulo n'kuwamba pa moto wa utsi. Fungo limene lija linkalowa m'zovala, m'mabulangete, ngakhale m'makope a kusukulu.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna umve bwino, chifukwa ndi chimene chimandiwawa mpaka lero. Chambo sichiswa ngati nsomba zina zongotaya mazira n'kuchoka. Chachimuna chimakumba kachisa pa mchenga, kozungulira ngati lichero, madzi akadekha tinkaziona zisa zija tili m'bwato. Chachikazi chimatola mazira n'kuwasunga m'kamwa, ana akaswa amakhalabe m'kamwa momwemo mpaka atalimba. Tsiku lina ndinanyamula chambo pa doko, chitangoyasamula tiana tinakhuthukira m'manja mwanga, tating'onoting'ono ngati mpunga, tikuphiriphitha. Agogo ako anandilanda nsomba ija osayankhula, kenako anati waona, apa sitinaphe imodzi. Nthawi imeneyo sindinamvetse kwenikweni, ndinadzamvetsa nditakula nsomba zitayamba kusowa.

Chifukwa kenako makoka anachuluka mphwanga, anthu anachuluka, aliyense wopeza kandalama kugula ukonde. Kunabwera makoka a maso ang'onoang'ono a kambuzi, kunabwera nkacha ku Malombe, ukonde ukukokolola pansi, udzu wa m'madzi momwe tiana timabisala kuzuka, zisa zija kufafanizika. Kasawala, amene ndi mwana wa chambo, tinayamba kumugulitsa pa mulu ngati ndi mtundu wina wa nsomba. Ndikuti tinayamba chifukwa inenso ndinakokako, sindinganamizire anthu ena okha. Pofika m'ma 1990 chambo cha ku Malombe chinali chitapita, asodzi kungotsalira kambuzi. Pambuyo pake ena mpaka masikito olandira kuchipatala kuwasoka kukhala ukonde, amene aja sasiya kanthu ndi dzira lomwe. Lero ine wobadwira pa doko ndimaima pamsika kufunsa mtengo wa chambo n'kuchisiya, kugula usipa kapena utaka.

Wafunsanso ngati tinkasambira mu Shire. Tinkasambira kwambiri, tikaweruka kusukulu yunifolomu pa bango ife m'madzi, Mangochi kutentha kwake ukukudziwa mwezi wa Okutobala. Koma sikuti kunalibe zoopsa ayi. Ng'ona zinalipo, ndipo mnzathu wina amene tinkakhala naye benchi imodzi anagwidwa akuchapa m'mbali mwa bango dzuwa litapendeka, anthu anasaka ndi mabwato masiku awiri. Kuyambira pamenepo amayi anatiletsa doko lija ndipo tinamvera popanda wotikwapula. Mvuu nazo usiku zinkatuluka kudzadya mpunga ndi chimanga cha kudimba, agogo ako kugona kumunda akuwomba zitini. Ndiye likodzo. Anyamata ambiri tinkakodza magazi ndipo tinkauzana kuti ndiye kukula kumeneko, osadziwa kuti ndi matenda ochokera ku nkhono za m'madzi. Ana ako ukabwera nawo usawalole kusewera m'madzi odekha a m'bango, ndipo akasambako ukawayezetse, mankhwala ake alipo.

Loweruka tinkayenda wapansi kupita pa boma. Agogo ako mpaka kumwalira ankati ndikupita ku Fort Johnston, dzina la Mangochi pa tauni paja silinkawakhala pakamwa. Tinkakhala pa chipilala cha wotchi chija chimene anamanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, kukwera pa mfuti yaikulu ija ya sitima ya Guendolen, n'kumadya malambe tikuyang'ana magalimoto akudikirana pa mlatho wakale, poti unali wopapatiza, inkadutsa imodzi imodzi. Uwu wa Bakili Muluzi umene ukuudziwa iwe anamanga ndi thandizo la ku Japan uli wakhanda. Pomwepo pali chikumbutso cha sitima ya Vipya imene inamira mu 1946 n'kupha anthu 145, ndipo agogo ako akafika pamenepo ankavula chipewa cha dzuwa n'kutiuza kuti nyanja siizolowereka, mwera ukayamba bwato kumtunda, ngakhale pakhomo palibe ndiwo.

Chaka cha 2024 madzi atakwera anafika mpaka pomwe panali mtengo wa bwemba uja, doko lathu lakale silikuonekanso bwino, namasupuni wadzadza m'mbali monse. Koma nkhwazi zikadalipo, m'mawa zimalirabe chimodzimodzi, ndikazimva ndimangoona ngati ndimva nkhafi ya agogo ako ikugunda bwato.

Ndiye wati ukubwera Disembala eti? Dziwiratu kuti Novembala ndi Disembala nyanja imakhala yotseka kuti chambo chiswane, ndiye usadzandipemphe chambo cha pa doko nthawi imeneyo, sindidzakugulira, ndipo wina akadzakutsatsa cham'mbali usadzalandire. Tidzadya za m'madamu kapena nkhuku, azakhali ako akuweta zambiri. Koma ku mtsinje ndidzakutengera m'mamawa, iwe ndi ana, ndikakuonetseni pomwe panali doko ndi pomwe tinkaona zisa zija. Achemwali, inu mwamva zonsezi, ngati ndaiwala china onjezerani, makamaka za nyemba zija. Apatse moni apongozi ndi ana onse kumeneko.